Pamene Makompyuta Ankalankhulana pa Lamya

Omvera a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akukumbukira mawaya a lamya amene ankadutsa pa Mponela ndi pa Madisi. Mawaya otere ndiwo ananyamula makalata oyamba a pakompyuta m'Malawi, ntchito imene inayambira ku Chancellor College, ku Zomba, intaneti isanafike mu 1997.

Pakati pa kompyuta ndi lamya pankakhala kabokosi kotchedwa modemu, kamene kankasandutsa malemba kukhala kulira koyenda pa waya. Wotchera makinawo ankasankha liwiro, kaya 2400 kaya 9600, nalemba ATDT ndi nambala ya kompyuta yakutali. Mbali ziwirizo zikasiyana mayendedwe, pagalasi pankangotuluka zilembo zopanda mutu, monga asokonezekera wovina ng'oma ikamthamangira.

Mdani wamkulu anali dzinja. Mawaya akanyowa, lamya inkachita phokoso ndipo uthenga unkadukira panjira. Mphenzi nayo inkatsata waya n'kupsereza modemu. Nchifukwa chake wodziwa ntchito ankazula chingwe mitambo ikangoda, nadikira kuti kunja kuyere.