Mwana wa m'malire ndi buku lake la sikelo

Nkhani imene yasonkhanitsa mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, makomiti a zaumoyo pamodzi ndi makolo a kuno ku Nayuchi ndi ya ndondomeko zimene boma la Malawi linakhazikitsa pofuna kuti mwana abadwe bwino, akule ndi thanzi, ndiponso atetezedwe ku nkhanza kufikira atakula. Ndondomekozi zili ndi zipatso zooneka, pakuti kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, ana 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5, pamene kafukufuku wotere wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Agogo amene anabereka m'zaka zimenezo safunika kuwauza tanthauzo la manambalawa, chifukwa akukumbukira mmene chikuku chinkalowera m'mudzi n'kutenga ana awiri kapena atatu mwezi umodzi. Komabe chithandizo chimene chimachokera ku Lilongwe, n'kudutsa ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Machinga mpaka kufika pa chipatala cha Nayuchi, chimagwira ntchito pa mwana yekhayo amene walembedwa ndipo akutsatiridwa mpaka kumapeto, ndipo apa m'pamene dera lino lili ndi vuto lakelake.

Nayuchi ali pakati pa nyanja ziwiri, Chiuta kumpoto ndi Chilwa kumwera, ndipo ali m'malire enieni a dziko la Mozambique, kumene njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka, yodutsa ku Liwonde, imaolokera ku Entre Lagos pa ulendo wa ku doko la Nacala kuyambira m'chaka cha 1970. Moyo wa anthu a malo otere ndi woyendayenda mwachibadwa: bambo amapita kunyanja kukapha matemba ndi milamba kwa miyezi, mayi amasamukira kudambo nyengo yooka ndi yokolola mpunga, ndipo abale ali mbali zonse ziwiri za malire, kotero kuti maliro kapena chinamwali cha kutsidya chimatha kusunga banja kumeneko kwa masabata. Palibe cholakwika m'mayendedwe amenewa, popeza ndiwo amadyetsa mabanja, koma mwana wa kumsana amayenda nawo, ndipo tsiku la sikelo likamupeza ali kwina, dzina lake limatsala lopanda chizindikiro m'kaundula wa mlangizi wa zaumoyo.

Katemera ndi mankhwala amene amaphunzitsa thupi kuzindikira kachilombo lisanakumane nako, kuti tsiku limene kadzalowe lidzakhale lokonzeka kulimbana nako. Mwana akangobadwa amalandira katemera wa chifuwa chachikulu, amene amasiya kachipsera paphewa, pamodzi ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 amalandira katemera woteteza ku matenda asanu pa jakisoni imodzi, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, komanso wa chibayo amene anayamba mu 2011, pamene wa kutsekula m'mimba amene anayamba mu 2012 amaperekedwanso m'miyezi yoyambirira yomweyi. Pa miyezi 9 amalandira wa chikuku pamodzi ndi wa taifodi amene anawonjezeredwa mu 2023, ndipo wa chikuku amabwerezedwa pa miyezi 15. Kubwereza kumeneku sikuti madokotala akukayikira mankhwala awo ayi, koma kuti thupi la khanda limaphunzira pang'onopang'ono, ndipo chimene laphunzira kamodzi kokha limatha kuiwala. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, matenda opuwalitsa amene anali atatha zaka pafupifupi 30 asanaoneke m'dziko muno, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake ana ena anapezeka nawo m'chigawo cha Tete ku Mozambique, zimene zinachititsa kuti maiko onse awiri ayende khomo ndi khomo kudontheza katemera mobwerezabwereza. Kachilombo sikapita kukadinditsa chiphaso pa ofesi ya m'malire, ndiye chifukwa chake mwana wa kutsidya amene wabwera kudzacheza kwa azakhali ake ayenera kupita naye kusikelo monga mwana wa pakhomo.

Katemera wa malungo afunika kukambidwa mofatsa, chifukwa maboma a Machinga ndi Balaka ali m'gulu la maboma 11 amene anasankhidwa pamene Malawi, mu Epulo 2019, anakhala dziko loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemerayu, wotchedwa RTS,S, kudzera m'masikelo a nthawi zonse, maiko a Ghana ndi Kenya asanatsatire. Zotsatira za m'maiko atatuwa ndi zimene zinachititsa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, World Health Organization, kuvomereza mu Okutobala 2021 kuti katemerayu aperekedwe m'maiko ena a malungo ambiri, kotero kuti amayi a m'maboma ano amene ananyamula ana awo kupita nawo kusikelo m'zaka zimenezo anathandiza ana a mu Africa monse, ngakhale palibe anawathokoza pamaso. Katemerayu amaperekedwa kanayi: pa miyezi 5, pa miyezi 6, pa miyezi 7, kenaka pa miyezi 22. Atatu oyambawo amayenda bwino chifukwa amagwa pa nthawi imene mayi akadali wakhama ndi sikelo, koma wachinayi amabwera mwana atayamba kale kuthamanga pabwalo, mwina atasiya kuyamwa, mwinanso mayi ali ndi pakati pena, ndipo pakhomo aliyense amamuona ngati wamkulu. Apa m'pamene ana ambiri amatayika, pomwe chitetezo cha katemera atatu oyamba aja chimakhala chikuchepa, ndipo wachinayiyo ndiye amachidzutsa. Kuyeneranso kunenedwa poyera kuti katemerayu amachepetsa malungo, makamaka oopsa aja okomola ndi otha magazi, koma sawathetseratu, motero neti yonyikidwa m'mankhwala iyenera kukhalabe pa mphasa ya mwana usiku uliwonse. M'dera la madambo ngati lino, momwe udzudzu suswera nyengo ya dzinja yokha, neti imene yasanduka chokokera matemba kapena mpanda wa dimba ndi chitetezo chimene chachotsedwa pa mwana, ndipo nsomba zimene yagwira sizingafanane ndi mtengo wa kabaza wothamangira kuchipatala pakati pa usiku.

Mwana akadwala, sitepe yoyamba si chipatala chachikulu cha ku Liwonde, chimene chili kutali ndipo msewu wake umavuta mvula ikagwa, koma kiliniki ya m'mudzi. Kuyambira cha m'ma 2008 Unduna wa Zaumoyo unaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'madera ovuta kufikako kuti aziyeza ndi kupereka mankhwala kwa ana a miyezi 2 mpaka zaka 5 pa matenda atatu amene amapha kwambiri, omwe ndi malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Mlangizi amabaya chala kuyeza malungo, ndipo akapezeka amapereka mankhwala a LA, amene amamwedwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 3. Mwana amayamba kusewera tsiku lachiwiri, koma tizilombo timakhala tisanathe m'magazi, ndipo mapiritsi otsala amene amasungidwa m'kathumba kuti adzathandize mchimwene wake ndi amene amabweza matenda pa sabata yotsatira. Pa chibayo, mlangizi amavula mwana malaya n'kuwerenga mpweya kwa mphindi yathunthu, ndipo khanda losakwana chaka likapuma ka 50 kapena kupitirira, kapena mwana woposa chaka akapuma ka 40, chimenecho si chimfine wamba. Pali zizindikiro zina zimene sizidikira kuti kuche kapena kuti bambo abwere kuchokera kunyanja adzapereke chilolezo: kukomoka, kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kulefuka kosadzuka, ndi nthiti kulowa mkati popuma. Mabanja ayenera kugwirizaniratu kuti zikatere mayi kapena agogo anyamuke nthawi yomweyo. Kwa amene ali ndi foni, uphungu umapezekanso pa nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, ntchito imene inayambira m'boma la Balaka mu 2011 isanafalikire dziko lonse.

Za madzi anthu a kuno akuzidziwa ndi misozi. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, waukulu kuposa yonse imene inalembedwapo, unayamba kuonekera pa chipatala cha boma la Machinga mu Malichi 2022, ndipo nyanja ya Chilwa yakhala gwero la matendawa kwa zaka zambiri chifukwa asodzi okhala m'zimbowela, zomwe ndi timisasa toyandama pa bango ndi mlulu, amamwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo. Msodzi akabwera kumtunda amabwera nako kachilomboko pakhomo pamene pali ana. Chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, mpondagiya wokhala ndi sopo kapena phulusa, ndi madzi othira klorini amene adikira mphindi 30 asanamwedwe, ndizo zimadula njira yake. Mwana wotsekula m'mimba amafa ndi kutha madzi m'thupi, choncho paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi aukhondo, amwetsedwe pang'onopang'ono, apitirize kuyamwa, ndipo amalize mapiritsi a zinki kwa masiku 10 ngakhale m'mimba mutaleka. Ana okulirapo amene amasambira m'madambo n'kumakodza magazi ali ndi likodzo, osati chizindikiro cha kukula monga ena amanenera, ndipo mankhwala ake amaperekedwa kwaulere m'sukulu.

Pa tsiku la sikelo, mwana akamalendewera pa sikelo yomangidwa ku nthambi ya mango uku akulira, mlangizi amalemba kadontho pa tchati cha m'buku, ndipo madontho a miyezi yotsatizana amapanga mzere umene uyenera kukwera; mzere ukagona kapena kutsika, ndiye kuti vuto layamba ngakhale maso asanalione. Kalamba kamitundu itatu kamene amakulunga pa mkono wa mwana kakafika pofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo amalandira chiponde, chimene ndi mankhwala a mwana mmodziyo, osati chakudya chogawana ndi abale ake kapena chogulitsa pamsika. Kupinimbira, komwe ndi kufupika kosagwirizana ndi msinkhu chifukwa cha kusadya mokwanira kwa nthawi yaitali, kunapezeka pa ana 37 mwa 100 alionse mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kumapezekanso m'midzi imene imatumiza nsomba ku Zomba ndi ku Blantyre, pamene matemba ochepa osinja n'kuthira m'phala pamodzi ndi nsinjiro ndi masamba akanasintha zinthu.

Chitetezo cha mwana chimadaliranso cholembedwa china, chomwe ndi chiphaso cha kubadwa. Kuyambira mu 2015 kulembetsa mwana aliyense wobadwa ndi lamulo, ndipo fomu yake imalembedwa pachipatala pomwepo n'kutumizidwa ku National Registration Bureau. Phindu lake limaoneka pakapita zaka. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kukakamiza mwana kukwatiwa ndi kumugwiritsa ntchito zoononga thanzi kapena maphunziro ake. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana, n'kutseka mpata umene makolo anali nawo wololeza ukwati wa mwana wa zaka 15. Koma mlandu ukafika ku bwalo la mfumu kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, funso loyamba limakhala la zaka, ndipo popanda chiphaso amalume amene alandira kale ndalama za msodzi amangoti mtsikanayo ndi wamkulu, kenaka n'kumuolotsa malire usiku kuti nkhani izizire. Thupi la mtsikana wa zaka 14 silinakhwime kuti libereke, ndipo kutalika kwa ulendo wa ku Liwonde kumachititsa kuti uchembere wovuta uthere pa imfa kapena pa matenda otayira mkodzo osaleka. Eni mbumba, ankhoswe ndi anankungwi ndiwo ali ndi mphamvu yoletsa zimenezi zisanachitike, pakuti palibe ukwati umene umamangidwa iwo osadziwa. Mtsikana amene wabereka kale ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, malinga ndi ndondomeko imene boma linayamba mu 1993, ndipo aliyense, ngakhale mwana yemwe, akhoza kuimba kwaulere pa nambala ya 116 ya Tithandizane imene imayendetsedwa mogwirizana ndi bungwe la YONECO la ku Zomba.

Chotsalira ndi bukulo. Mabuku ambiri a sikelo amafika kwa mlangizi atadyedwa ndi chiswe chifukwa anasomekedwa kudenga, ena atanyowa m'bwato mpaka inki kufufutika, enanso anatsala kutsidya kwa agogo, ndipo buku likatayika palibe amene amadziwa ngati mwana analandira katemera wachitatu kapena ayi. Buku likulungidwe m'jumbo, liziyenda ndi mwana kulikonse kumene wapita, ndipo banja limene likusamukira kudambo kapena kudoko lidziwitse mlangizi lisananyamuke kuti aone tsiku lotsatira ndi malo a sikelo yapafupi ndi kumeneko. Komiti ya zaumoyo ya mudzi uliwonse, mothandizana ndi a nyakwawa, ikupemphedwa kuyenda nyumba ndi nyumba sikelo ya mwezi wamawa isanafike, kutsegula mabuku a ana onse amene ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri ndi theka, ndi kulemba maina a amene mzere wa chikuku wa miyezi 15 kapena wa malungo wa miyezi 22 udakali wopanda kanthu, kuti mndandandawo udzaperekedwe kwa mlangizi pa tsiku la sikelo m'mawa.