Kupemphera Kwamseri

Pa 1 Meyi 1873, mbandakuca, anyamata a David Livingstone analowa m'kanyumba kake ka udzu pamudzi wa Mfumu Chitambo. Anampeza atagwada pambali pa kama, nayesa kuti ali kupemphera. Koma anali atamwalira, ali yekha ndi Mulungu wake.

Akristu anatengera mwambo umenewu kwa Yesu, amene, monga atiuza Marko, anadzuka kusanace napita kopanda anthu kukapemphera. Kapena kwanu mugona asanu m'cipinda cimodzi, ndipo pobisala palibe. Musade nkhawa: njira ya kucitsime m'mamawa ikwanira, ngakhalenso patsinde pa mtengo poweta mbuzi.

Aphunzitsi, pokambirana phunziroli, musawafunse ana zimene amauza Mulungu ali okha.