Ngongole ikaposa malipiro

Mudandiitana kuti ndidzalankhule za ngongole poganiza kuti munthu amene adagwira ntchito yowerengera ndalama za makampani kwa zaka zoposa 30, ku Kitwe ndi kuno ku Blantyre, ayenera kudziwa njira yake. Ndiulule poyambirira kuti mabuku a eni ake ndidawasunga bwino, koma anga adandikanika. Mu 2024 ndidatsala pang'ono kulandidwa nyumba imene ndidamanga nditabwerako ku Zambia, ndipo zimene ndinene lero nzochokera pamenepo.

Mu 2023 ndidakongola ndalama ku banki ina, chikole chake nyumba, kuti ndigulire mwana wanga njinga yamoto ya kabaza ndi kukonzetsa denga la kanyumba ka lendi. M'masamu anga zonse zidali bwino: njinga izibweretsa ndalama tsiku ndi tsiku, ngongole izidzilipira yokha. Mu Novembala chaka chomwecho Reserve Bank idagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imene inkagulidwa pa K1,180 nkufika pa K1,700. Mafuta adakwera, masipeyala adakwera, za sopo ndi shuga osanena. Mu Febuluwale 2024 banki yaikuluyo idakweza chiongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, mabanki enawa nkutsatira. Ambiri sitiwerenga mzere wa m'kalata ya ngongole umene umati chiongoladzanja chikhoza kusintha. Ine ndidauwerenga, nkuupeputsa. Anzanga amene tidabwerera kwathu kuno mu 1993 ndi 1994 mukukumbukira m'mene kwacha idagwera mu 1994 itasiyidwa kuti iziyenda yokha pamsika, tindalama timene tidasintha pofika nkusanduka madzi. Ndiye sindinganene kuti sindidachenjezedwe.

Kenaka njinga ija idachita ngozi, nkukhala pakhonde. Mwezi woyamba umene ndidalephera kukwanitsa za kubanki ndidachita chinthu chimene ndabwera kudzakuletsani: ndidapita kwa wakatapila. Ndidatenga K200,000, chiongoladzanja chake theka pa mwezi, iye nkusunga khadi langa la ku banki. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwezi uliwonse ndinkapereka K100,000 ya chiongoladzanja chokha. Itatha miyezi inayi ndidali nditapereka K400,000, koma K200,000 ija ili chikhalire, osachokapo ngakhale tambala. Ndikadaleka kupereka, bwenzi mwezi woyamba itafika K300,000, wachiwiri K450,000, wachitatu K675,000. Munthu wokumba dzenje kuti akwirire dzenje lina, dzenje lachiwirilo limakhala lakuya kuposa loyamba.

Mungafunse kuti mkulu wodziwa masamu adachitiranji zotere. Yankho lake ndi manyazi. Ife amene tidakhalako kunja abale amatiyesa osunga chuma pansi pa bedi. Pamaliro amayang'ana ife, pa chinkhoswe amayang'ana ife, fizi ya mwana wa mlongo ikasowa foni imalira kwathu. Kunena kuti "ndilibe" kunkandilemera kuposa chiongoladzanja cha theka pa mwezi. Ngakhale mayi a kunyumba sadadziwe kanthu mpaka tsiku limene adanditumiza kukatapa ndalama ine nkuyamba kufunafuna khadi m'matumba ngati ndalitaya.

Usiku umenewo tidatenga kope la mdzukulu ndi pensulo. Ichi ndiye choyamba chimene ndikukupemphani: lembani ngongole zonse, ngakhale yochititsa manyazi, ngakhale ya pafoni imene mumati njaing'ono. Pa iliyonse lembani zinthu zinayi: yatsala zingati, mumapereka zingati pa mwezi, chiongoladzanja chake nchotani, ndipo mukaleka kupereka mutaya chiyani. Zathu zidatuluka motere. Zolowa, penshoni pamodzi ndi lendi, K420,000. Zotuluka: banki K112,000, katapila K100,000, banki mkhonde ya mayi K60,000, golosale ya pafupi K20,000. Zonse pamodzi K292,000, kutsala K128,000 yoti tidye mwezi wathunthu anthu asanu.

Apa mpamene ambiri timalakwitsa. Timayamba ndi angongole, zotsala nkupatsa m'mimba. Dongosolo loyenera nlotembenuza. Yambani ndi chimanga, ndiwo, makala, madzi, magetsi, mankhwala, lendi ngati mumakhala nyumba ya eni, ndi ya minibasi yopitira kuntchito, pakuti mukaleka kupita kuntchito angongole onse aluza. Tidawerenga mopanda chifundo, kuchotsa nyama ya Lamulungu ndi mayunitsi ocheza, nkupeza kuti pansi pa K270,000 sitingakhale moyo. Tsono ndalama yeniyeni imene tikadatha kupatsa angongole idali K150,000, pamene iwo ankafuna K292,000. Nambala imeneyi njowawa kuiona, koma mukaidziwa mumaleka kulonjeza zimene simungathe.

Chachiwiri ndicho kusanja ngongole. Amene amakuwa kwambiri pachipata sindiye woyamba kulipidwa. Woyamba ndi amene wagwira chinthu chimene simungakhale popanda icho; kwa ife idali banki, chifukwa cha nyumba. Wachiwiri ndi amene ngongole yake ikukula msanga kuposa zonse, ndiye wakatapila. Ya banki mkhonde tidaiganizira nthawi yaitali. Amayi aja sangakutumizireni masherifu, komabe ndalamazo nza anzanu ogulitsa tomato ndi mandasi, amene mudzakumana nawo kutchalitchi ndi kumaliro, ndipo gulu likagwa chifukwa cha inu mwatseka khomo limene mudzalifune mawa. Tidagwirizana kuti imeneyo isadukize.

Tsopano njira zimene tidaziyeza. Mnzanga wina adati nditenge ngongole imodzi yaikulu yolipira zonse. Njira imeneyi imathandiza pokhapokha chiongoladzanja chatsopanocho chili chotsika kuposa zakalezo, ndiponso ngati mwalekadi kukongola. Amene muli m'ma SACCO funsani kumeneko, pakuti kawirikawiri mitengo yawo njopepuka. Ine sindidali membala, ndipo ena amene adavomera kundikongoza ankafuna nyumba yomweyo. Ndidakana.

Tidaganizanso zoimbira mwana wathu wamkazi ku Johannesburg. Mayi adati tisamupemphe ndalama za mwezi ndi mwezi, popeza nayenso ali ndi lendi yake, koma timuuze zoona. Adatumiza kamodzi, zokwanira golosale, ndipo tidathokoza.

Njira imene idatipulumutsa ndi imene ndinkaiopa kwambiri: kupita ndekha ku banki iwo asadabwere kwa ine. Ndidanyamula kope lija. Banki imadziwa kuti kugulitsa nyumba ya munthu kumatenga nthawi ndi ndalama za maloya, motero wobwera yekha ndi mapepala amamvedwa kusiyana ndi wozimitsa foni. Sindikulonjeza kuti adzavomera nthawi zonse, koma ine adandionjezera nthawi. Komatu mumvetse mtengo wake. Idatsala K2,000,000 pa chiongoladzanja cha pafupifupi 30 peresenti pa chaka. Pa miyezi 24 ndinkayenera kupereka K112,000 pa mwezi, zonse pamodzi pafupifupi K2,680,000. Pa miyezi 48 idatsika kufika K72,000, koma zonse pamodzi nkukwera kufika pafupifupi K3,460,000. Ndidagula mpweya wopumira ndi ndalama zoposa K700,000. Ndidasaina ndikudziwa, chifukwa nyumba ikapita sibwerera. Pamenepo ndidafunsanso ngati ndingaloledwe kuponya zoonjezera ndikapeza, popanda chilango. Funso limeneli musaliiwale, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Njinga tidaigulitsa yowonongeka momwemo. Mwana wanga adadandaula, inenso ndidadandaula, pakuti tidaluza kwambiri, koma katundu amene sakubweretsa kanthu pamene katapila akubereka mwezi ndi mwezi ngodya mwini wake. Ndidapita kwa wakatapila ndi mboni ziwiri, nkumuonetsa kuti walandira kale kawiri ndalama imene adandipatsa. Tidakangana, koma adalandira K200,000 yake, nkundibwezera khadi, ndipo tidalemberana kuti zatha. Tsiku lomwelo ndidasintha nambala yachinsinsi.

Ndisadakhale pansi, nditchule za malamulo, chifukwa mantha ambiri amachokera posadziwa. Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tidawapeza mu 1994, pa gawo 19 amaletsa kuika munthu m'ndende chifukwa choti walephera kukwaniritsa mgwirizano ngati wa ngongole. Tsono wokuopsezani kuti akakutsekeretsani kupolisi kaamba ka ngongole wamba akungokuopsezani. Nkhani imasintha ngati mudatenga ndalamazo mwachinyengo kapena mwanyozera lamulo la khoti, choncho samani ikabwera musaibise pansi pa mphasa; pitani mukafotokoze zimene mungathe kupereka. Kulinso lamulo lakale lotchedwa Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiongoladzanja chake nchopyola muyeso. Amene simungathe kulipira loya, funsani ku Legal Aid Bureau. Dziwaninso kuti kuchokera pa lamulo la 2010 kuli mabungwe osunga mbiri ya okongola, kotero kuthawa banki iyi nkupita ku inayo sikuthandiza monga kale. Ndipo inu amene mumasainira anzanu ngati owaimira, dziwani kuti mwini wake akalephera, kalata idzafika kwa inu.

Lero ndikulipirabe K72,000 ija, ya banki mkhonde idatha, ndipo kope lili m'manja mwa mayi, pakuti adati ine ndidalephera mayeso. A wapampando andiuza kuti kumbuyoko kuli mapepala ndi mapensulo. Aliyense atenge limodzi, musalembepo dzina, mulembe mizere inayi ija. Amene akufuna kuti tiwerengere limodzi andipeza pa tebulo la pakhomo tikamamwa tiyi.