Galu Wofungatira Mazira: Mbiri ya Kampani ya HAL Laboratory



Pamene komiti idandipempha kuti ndidzalankhule pa msonkhano wathu wa chaka chino, ndikhulupirira idayembekezera kuti munthu wa m'boma ngati ine adzakamba za mabajeti ndi makalata a muofesi. Koma ine ndasankha kukusimbirani mbiri ya kampani ina ya ku Japan yopanga masewera a pa kompyuta, aja ana athu amati magemu, omwe aja timawakalipira nawo madzulo kuti akuwalepheretsa kuwerenga. Ndapota nanu, mundipirire pang'ono, pakuti nkhani yake kwenikweni ndi ya ngongole ndi m'mene idabwezedwera, ndipo ngongole palibe mwa ife amene sayidziwa.

Kampaniyi dzina lake ndi HAL Laboratory, ndipo idakhazikitsidwa mu mzinda wa Tokyo m'chaka cha 1980. Chiyambi chake chidali chonyozeka ndithu. Padali anyamata angapo okonda makompyuta amene ankakumana m'sitolo yaikulu ya Seibu ku Ikebukuro, mumzinda womwewo, pa malo ogulitsira makinawo, kumaonetsana timapulogalamu timene aliyense walemba. Ena mwa iwo ndiwo adayamba kugwira ntchito limodzi m'kachipinda ka lendi. Za dzinali, tengani zilembo H, A ndi L, muone chilembo chotsatira chilichonse mu alifabeti: mupeza I, B ndi M. Ankafuna kunena kuti iwo adzakhala patsogolo pa IBM, kampani yaikulu ya makompyuta ya ku America. Kudzitama kwa anyamata kumeneko!

Mmodzi mwa anyamatawo adali Satoru Iwata, wobadwa m'chaka cha 1959 ku Sapporo, pa chilumba cha Hokkaido kumpoto kwa Japan. Ali ku sekondale ankapanga kale timasewera pa kalikuleta ndi kumasewera ndi anzake a m'kalasi. Adayamba ganyu ku HAL akadali pa sukulu ya ukachenjede ya Tokyo Institute of Technology, ndipo atamaliza maphunziro m'chaka cha 1982 adalowa ntchito konko. Bambo ake, amene adali meya wa mzinda wa Muroran, adakhumudwa kotero kuti adakhala pafupifupi miyezi 6 osalankhula naye. Enanu mukumbukira nkhope ya bambo anu tsiku lija mudawauza ntchito imene mwasankha.

M'chaka cha 1983 kampani ya Nintendo ya ku Kyoto idatulutsa makina osewerera magemu pa wailesi ya kanema otchedwa Famicom. Anthu odziwa kulemba mapulogalamu a makina amenewo adali ochepa, choncho HAL idapeza ntchito yothandiza Nintendo pa masewera monga Pinball, Golf ndi Balloon Fight. Ndalama zidayamba kulowa, antchito adachuluka, ndipo kampani idamanga ofesi yatsopano m'chigawo cha Yamanashi, kumene phiri la Fuji limaonekera bwino. Nyumbayo idamangidwa ndi ndalama zobwereka. Nthawi yomweyo gemu ina yotchedwa Metal Slader Glory, imene idadya zaka zingapo ndi ndalama zambiri poikonza, idatuluka mu 1991 koma siidabweze zimene idadya. Chuma cha Japan nachonso chidali chitayamba kugwa. Pofika 1992, HAL idalephera kulipira okongoza ake, ndipo ngongole yoti ibweze idali mayeni 1.5 biliyoni.

Mkulu wa Nintendo pa nthawiyo, a Hiroshi Yamauchi, adavomera kuthandiza, koma adati Iwata ndiye akhale mtsogoleri wa kampaniyo. Motero m'chaka cha 1993, ali ndi zaka 33, munthu amene ankadziwa kulemba mapulogalamu basi adasenza kampani yakugwa, ndi pangano lobweza mayeni 250 miliyoni chaka chilichonse kwa zaka 6.

Tsono, amayi ndi abambo, apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ntchito yoyamba imene Iwata adagwira idali yoitana wantchito aliyense payekha payekha, kukhala naye pansi ndi kumumvetsera. Funso lake loyamba linkakhala lakuti kodi munthuyo akukondwa ndi ntchito imene akugwira. Ena zokambirana zinkatha pa mphindi 20, ena zinkafika maola atatu. Mwambo umenewu adaupitiriza kawiri pa chaka. Iye mwini adafotokoza pambuyo pake kuti adadabwa ndi kuchuluka kwa zinthu zimene sankazidziwa za kampani imene adagwiramo ntchito zaka zoposa 10. Kampani ikakhala m'mavuto chilichonse chimaoneka chofulumira, ndipo mtsogoleri sangadziwe choyamba kuchita ngati sadziwa chimene anthu ake amachitha bwino ndi chimene sangachithe.

Chimene HAL inkachitha bwino chidali chitaonekera kale mwa mnyamata wina, Masahiro Sakurai, amene ali ndi zaka 19 adalingalira gemu yosavuta, yakuti ngakhale mwana amene sadagwirepo makinawo athe kuimaliza. Mwini nkhani m'gemuyo ndi kanthu kozungulira ngati mpira, kamene kamameza adani ake ndi kuwalavula. Poyamba HAL inkafuna kuigulitsa yokha pa dzina la Twinkle Popo, koma masitolo adaitanitsa zochepa. A ku Nintendo adalangiza kuti aibweze kaye, aikonzenso ndi kuisintha dzina. Antchito ena zidawapweteka, pakuti katundu adali wokonzeka kale, koma adamvera. Gemuyo idatuluka mu 1992 pa makina a m'manja a Game Boy, ndi dzina lakuti Kirby's Dream Land, ndipo idagulidwa makope oposa 5 miliyoni. Masewera ena a Kirby adatsatira, ndipo mu 1999 padatuluka Super Smash Bros. pa makina a Nintendo 64, imene Sakurai ndi Iwata adayamba kuiyesa awiriwiri. M'chaka chomwecho ngongole yonse idatha, m'zaka 6 zija adalonjeza.

Cha mu 1998 kampaniyi idasankha chizindikiro chatsopano chimene ikugwiritsabe ntchito: galu atagona m'chisa, akufungatira mazira. Galu saikira mazira, tonse tidziwa. Koma mtsogoleri ali ngati galu ameneyo, pakuti nzeru zimene zimaswa phindu kawirikawiri si zake ayi, ndi za ena. Gawo lake ndi kuzisunga zisazizire.

Iwata adasamukira ku Nintendo m'chaka cha 2000, ndipo mu 2002 adakhala mkulu wa kampaniyo, woyamba wosachokera ku banja la Yamauchi chiyambire 1889. Khalidwe lija sadalisiye. Malonda atavuta mu 2011, ndiponso mu 2014, adadula malipiro ake iye mwini ndi theka. Eni masheya atamufunsa za kuchotsa anthu ntchito, adayankha kuti anthu amene akugwira ntchito ndi mantha ochotsedwa sangapange zinthu zokondweretsa dziko. Adamwalira pa 11 July 2015 ali ndi zaka 55, koma HAL ikadalipo, ndipo mu 2022 idatulutsa Kirby and the Forgotten Land, zaka 30 chibadwire kampira kaja.

Anzanga, ambiri a ife pano tsopano tili ndi anthu otiyang'ana. Ena ndinu ahedi, ena ndinu akapitawo, ena muli ndi bizinesi ya antchito atatu kapena anayi, ena mumasunga thumba la mpingo. Ine ndivomere pamaso panu kuti muofesi mwanga muli anthu amene ndimawalonjera m'mawa uliwonse, ndimasainira masiku awo a tchuthi, koma sindidawafunsepo ngati ntchito yawo ikuwakomera kapena chimene iwo akuona kuti chikulakwika. Zinthu zikavuta timathamangira kulemba kalata yochenjeza. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambi umenewu timaunena pa msonkhano uliwonse, koma kuitana mesenjala, kumupatsa mpando ndi kukhala chete iye akulankhula kumativuta.

Pempho langa ndi lochepa. Mwezi uno usanathe, aliyense wa ife aitane munthu mmodzi amene ali pansi pake ndi kumumvetsera kwa mphindi 20 zokha. Nawonso a komiti yathu achite chimodzimodzi ndi achinyamata amene angomaliza kumene sukulu ino, pakuti pa misonkhano yathu amakhala kumbuyo osanena kanthu, pamene tsogolo la bungwe lino lili m'manja mwawo.