KUSAINA KALATA PAMASO PA MBONI ILI KUTSIDYA LA NYANJA



Inu mafumu mudziwa kuti munthu akamapereka munda kwa mnzake pafunika mboni yoona ndi maso kuti mwini wake ndiye waika chala, ndiponso kuti palibe wamkakamiza. Ku America ntchito imeneyi ili m'manja mwa munthu wotchedwa notary, wopatsidwa mphamvu ndi boma la chigawo chake. Kale wosaina anayenera kupita yekha ku ofesi ya notary. Koma m'chaka cha 2012 chigawo cha Virginia chinayamba kulola kuti aonane pa kamera ya kompyuta kapena ya foni, mwa intaneti. Texas inatsata mu 2018, Florida mu 2020, ndipo lero zigawo zoposa 40 zili kulola.

Kapena mudzati, nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji? Ana athu ena ali kugwira ntchito kumeneko. Mwana akamwalira nasiya ndalama ku banki, makalata adzafika kwa makolo kuno kuti asaine. Malamulo a zigawo zambiri alola wosaina kukhala m'dziko lina, malinga ngati nkhaniyo ili ya chuma kapena mlandu wa ku America komweko. Za minda yathu ya kuno njira yake si imeneyi ai.

Musanachite kanthu, funsani banki kapena khoti limene lafuna kalatayo ngati lidzalandira yosainidwa mwa intaneti, pakuti ena akana. Safunsa anadya phula.

Tsono mverani bwino apa. Notary sali woweruza. Iye sayang'ana ngati mau a m'kalata ali okukomerani kapena okupwetekani, ndipo ngati sali loya lamulo limletsa kukupatsani uphungu. Chake ndi kuona nkhope yanu, chiphaso chanu ndi kusaina kwanu, basi. Chifukwa chake kalata iwerengedwe yonse tsiku lisanafike. Ngati Chizungu chikuvutani, pezani wokumasulirani tsamba ndi tsamba, koma asakhale munthu amene adzapindula ndi kalatayo. Mphwanu amene dzina lake lalembedwa kuti ndiye alandire ndalama, ngakhale ali wokhulupirika chotani, si woyenera kukumasulirani.

Yang'anani mipata yosalembedwa. Ngati pa dzina la wolandira mphamvu palibe kanthu, kapena pa chiwerengero cha ndalama pali poyera, musapitirire. Kusaina kalata yotere kuli ngati kupatsa munthu kiyi wa nkhokwe osadziwa kuti adzatapa madengu angati. Notary wosamala adzaikana, ndipo achita bwino. Werenganinso masamba: ngati pansi palembedwa kuti alipo 6, akhale 6, osati tsamba lomaliza lokha la posainira.

Dzina la pa kalata lifanane ndi la pa pasipoti, chilembo ndi chilembo. Ichi chigwetsa ambiri, pakuti kwathu munthu mmodzi ali ndi dzina la ubwana, la ubatizo, la atate ndi la mfunda. Amene kumudzi timuitana Yohane, ngati pasipoti yake ili kunena John, palembedwe John. Pasipotiyo ikhale yosatha nthawi yake.

Mukatha izi musasaine, ndipo musalembe tsiku. Kalata ya lumbiro isainidwa notary ali kuona. Masamba onse ajambulidwe ooneka bwino, opanda mthunzi, naikidwe pamodzi mwa mtundu wotchedwa PDF, ndi kutumizidwa. Makalata ena afuna mboni ziwiri zoonjezera. Funsiranitu, ndiponso funsani ngati womasulira aloledwa kukhalapo, chifukwa zigawo zisiyana pa ichi.

Pali chinanso chovuta kwa ife. Kawirikawiri makina afunsa mafunso 5 otengedwa m'zolembedwa za ku America, monga nyumba zimene munthu anakhalamo, ndipo ayenera kukhoza 4 pa mphindi 2 zokha. Amene sanakhaleko kumeneko sangayesedwe motero. Nenani msanga kuti muli ndi pasipoti ya dziko lina, kuti akupezereni notary wolandira njira ina.

Pa tsikulo foni ikhale ndi moto wokwanira, mukhale poyera pamene nkhope ioneka, ndi pamene intaneti siduka. Zonse zimene munena zijambulidwa ndi kusungidwa, ku Virginia zaka 5, ku Florida zaka 10. Notary akafunsa ngati muli kusaina mwa kufuna kwanu, yankhani nokha, wina asakuyankhireni. Ngati mtima wakayika, muli ndi ufulu wakuleka pomwepo.

Akaika chidindo chake kalata yatsekedwa. Wina akasintha ngakhale chilembo chimodzi, makina aonetsa. Mukapeza cholakwa pambuyo pake muyenera kuyambanso ndi kulipanso, ndipo ku Florida lamulo lilola notary kulipitsa kufikira madola 25 pa kudinda kumodzi, osawerengera za kampani ya makinawo.

Tsalani bwino, mafumu ndi alimi.