Kodi Mumtima Mwanu Mukumveka Mawu a Ndani?

Sinditenga nthawi yaitali, ndikudziwa kuti ena mwachokera kutali.

Tiyeni titsegule Luka 12, vesi 13 mpaka 21. Nkhaniyi ikuyamba ndi mkangano wa chuma cha masiye: munthu wina akupempha Yesu kuti auze m'bale wake agawane naye chumacho. Zoterezi timaziona kwathu kuno, nthawi zina maliro asanaikidwe n'komwe. Yesu anakana kuweruza mlanduwo, m'malo mwake anafotokoza fanizo la munthu wachuma amene munda wake unabereka kwambiri.

Taonani, bamboyu sanabe, sanatchove juga. Anangokolola zochuluka mpaka nkhokwe zinachepa. Nanga analakwa chiyani? Mukawerenga modekha muona kuti m'nkhani yonseyi akuyankhula ndi munthu mmodzi basi, iye mwini. Akudzifunsa yekha, kudziyankha yekha, n'kudziuza yekha kuti apumule ndi kusangalala. Mawu oti "zanga" angoti mbwee. Simumva za aganyu amene anamulimira, za mnansi amene akugona ndi njala, ngakhale za Mulungu amene anagwetsa mvula. Pamene Mulungu anayankhula usiku umenewo, nthawi yomvera inali itatha kale, ndipo zonse zija zinatsalira ena.

Mwina wina akuti, "Ine nkhokwe ndilibe, ya bando yomwe ndimachita kupempha." Zoona. Koma matendawa sadikira kuti ulemere kaye. Ndinene za ine ndemwe. Nditayamba kageni ka kaunjika, ndikangodzuka dzanja linkathamangira pafoni: ndani wafunsa mtengo pa WhatsApp, ndani watumiza ndalama. M'tchalitchi thupi lili pabenchi, mutu ukuwerengera mabelo. Pemphero langa linangotsala "ndipatseni, ndipatseni, ameni", n'kunyamuka. Tsiku lina mng'ono wanga anandiuza kuti amubweza kusukulu chifukwa cha fizi. Ndinangoti "ehe", maso ali pafoni. Panatha masiku atatu ndisanazindikire kuti mwanayo akungokhala pakhomo. Ndalama ya fiziyo ndinali nayo, anzanga, koma sindinamumve. Ngati ndinalephera kumva mwana amene ndimadya naye mbale imodzi, Mulungu ndikanamumva bwanji?

Tsono tiyerekeze ndi Samueli, pa 1 Samueli 3. Anali mnyamata chabe, akutumikira m'nyumba ya Mulungu ku Silo. Ataitanidwa usiku, katatu konse anathamangira kwa Eli poganiza kuti ndi iyeyo akumuitana. Eli ndi amene anazindikira kuti ndi Mulungu, n'kumuuza mwanayo kuti abwerere akagone, ndipo akaitanidwanso ayankhe kuti akumvetsera. Uthenga umene analandirawo sunali wokoma, koma anaumva. Chinamuthandiza n'chiyani? Anali wokonzeka kudzuka akaitanidwa, komanso anali ndi munthu wamkulu womuunikira.

Sindikunena kuti tisiye geni kapena titaye mafoni, ayi. Limbikani kusukulu, pitani ku banki m'khonde, sungani ndalama. Ulesi si chikhristu. Koma sabata ino tiyese zinthu zitatu. Choyamba, m'mawa musanagwire foni, werengani Baibulo ndipo mukapemphera musathamangire kunyamuka. Khalani chete kwa mphindi zisanu. Chachiwiri, musanapange chiganizo chachikulu cha ndalama, kambiranani ndi munthu wamkulu woopa Mulungu, paja mutu umodzi susenza denga. Chachitatu, mukalandira kandalama, ngakhale ka ganyu, dzifunseni kuti, "Kodi pano pali gawo la ndani?" Mwina ndi sopo wa agogo, mwina kope la mng'ono wanu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

Tikadzakumananso, ndikufuna tidzauzane zimene tamva. Tiyeni tiweramitse mitu tipemphere, koma tisanayankhule, tiyambe takhala chete pang'ono.