Mlembi wa Mvula Pakhomo Panu

Nkhani yathu lero ndi ya m'mene munthu angaikire pulogalamu yolemba zanyengo m'kakompyuta kakang'ono pakhomo pake. Ndiyamba ndi cholakwa changa, pakuti ndicho chidandilowetsa m'ntchito imeneyi.

Chaka china, kumayambiriro kwa Novembala, ndidali mumzinda wa Blantyre pamene kudagwa chimvula choti ngalande zonse zidasefukira. Madzulo omwewo ndidaimba lamya kunyumba, kunja kwa mzindawo, nkulamula kuti m'mawa mwake abzale. Mayi a kunyumba adandiyankha kuti kumeneko kwangogwa chizimalupsa chongopha fumbi, koma ine ndidaumirira, poti mvulayo ndidaiona ndi maso anga. Chimanga chidamera ndithu, kenaka kudachita ng'amba ya masabata awiri, mmera wonse nkupserera. Tidagulanso mbewu ndi ndalama zimene tidasungira feteleza. Pa mkangano wonsewo padalibe ndi mmodzi yemwe amene akadatchula nambala. Wina ankati yagwa yambiri, wina ankati yochepa. Tsono milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndiye kuti malita 10,000 pa hekitala. Chinthu chotere nchoyezeka, sichofunika kukanganirana.

Zida zake ndi zitatu. Choyamba ndi zoyezera zimene zimakhala panja pa mlongoti: kambale kolandira mvula, timakapu tozungulira ndi mphepo, muvi wosonyeza kumene mphepo ikuchokera, ndi choyezera kutentha ndi chinyontho. Chachiwiri ndi kabokosi ka m'nyumba kamene kamalandira manambala kuchokera panjapo. Chachitatu ndi kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kamene kadayamba kugulitsidwa mu 2012 kuchokera ku Cambridge, ku Mangalande, pa mtengo wa madola 35 a ku America. Kukula kwake nkofanana ndi chiphaso cha unzika, zonse zili pa thabwa limodzi lobiriwira, ndipo kamayendera mavoti 5 ngati lamya ya m'manja. Pa ntchito yathuyi sikadya mawati opitirira 5, kotero batire ndi sola yaing'ono zimakakwanira usana ndi usiku.

Pulogalamu imene ndikamba ndi WeeWX. Adayamba kuilemba ndi Tom Keffer wa ku America m'zaka za 2008 ndi 2009, m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python, ndipo mtundu wake wachisanu udatuluka mu 2024. Ndi yaulere. Ntchito yake ndi ya mlembi: mphindi zisanu zilizonse imafunsa kabokosi kaja manambala, imawalemba m'kaundula, nkujambula masamba osonyeza za lero, za mwezi ndi za chaka. Ndiye kuti mizere 288 pa tsiku, kapena 105,120 pa chaka, ntchito imene munthu wa pensulo sangaithe. Koma musanataye ndalama pa zoyezera, onani kaye ngati dzina lake lili pa mndandanda wa zimene WeeWX imalankhula nazo. Za Davis Vantage ndi zina za Fine Offset zolumikiza ndi chingwe cha USB zilipo kale. Zina zatsopano zoyendera WiFi zimafuna kapulogalamu kowonjezera.

Kuikako pakokha sikuvuta. Raspberry Pi imasunga zonse pa khadi laling'ono la microSD, longa la m'lamya. Mulilowetsa m'kompyuta ina iliyonse, ngakhale yobwereka, nkutsegula pulogalamu ya Raspberry Pi Imager, imene idzalembapo Raspberry Pi OS. Sankhani mtundu wopepuka wotchedwa Lite. Isanalembe, idzakupatsani mpata woika dzina lanu, mawu achinsinsi, WiFi ya pakhomo ndi dera la nthawi. Pamenepo musankhe Africa/Blantyre, ndipo muyatse SSH kuti muzikalamula kakompyutako kuchokera pa kompyuta ina popanda kukagulira kanema ndi kiyibodi yakeyake. Mukabwezera khadi ndi kuyatsa, mumakopera mizere ingapo ya m'malangizo a WeeWX youza kakompyuta kumene kakatenge pulogalamuyo, kenaka mumalemba sudo apt update, pambuyo pake sudo apt install weewx. Amene mukumvera pa wailesi musavutike nkuloweza. Mawuwa asindikizidwa m'magazini. Kuti masamba aja muziwaona pa lamya, muikenso pulogalamu ina yaing'ono monga nginx. Ngati intaneti ikuyenda bwino, zonsezi zimatha madzi a nsima asanawire kawiri.

Tsono apa mpamene ndikufuna tikhalitse. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona, koma mlendo yemweyo sadziwa kumene kuli dambo ndi kumene kuli manda mpaka mwini mudzi amulozere. Zida zimenezi zidapangidwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo mukapanda kuziuza zoona za kwanu, zidzalemba mwaukhondo ndi mokhulupirika zinthu zabodza.

Poika, WeeWX idzakufunsani mafunso angapo. Loyamba ndi dzina la malo. Lachiwiri ndi kutalika kwa malo anu kuchokera pa nyanja ya mchere. Musalingalire chabe, chifukwa kulemera kwa mpweya kumachepa munthu akamakwera: pa nyanja ya mchere kumakhala pafupifupi mamilibaa 1013, pamene pa mamita 1,000, monga madera ambiri a Blantyre ndi Lilongwe, kumakhala pafupifupi 900. Pulogalamu imagwiritsa ntchito kutalikako pokonza nambala kuti ifanane ndi ya malo ena. Mukalakwitsa ndi mamita 100 okha, nambala yanu yasokera ndi mamilibaa oposa 10, ndipo wa ku Dedza ndi wa ku Chikwawa sangathenso kuyerekeza zimene apeza.

Funso lotsatira ndi la manambala awiri osonyeza pamene muli pa mapu, amene lamya zambiri za masiku ano zimatha kukuuzani. Blantyre ali pafupifupi pa madigiri 15.8 kumwera ndi 35.0 kuvuma. Popeza tili kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, nambala yoyambayo ilembedwe ndi kamzere kochotsera patsogolo pake, motere: -15.8. Mukaiwala kamzereko mwasamutsira nyumba yanu ku Sudan, pakati pa Khartoum ndi Kassala, ndipo pulogalamu izidzakuuzani kuti m'Juni masiku ngaatali pamene inu mukuona dzuwa likulowa msanga. Za miyeso idzakupatsani mayina atatu. La us limalemba mvula m'mainchesi, la metric m'masentimita, la metricwx m'mamilimita. Tengani lachitatuli, poti ndiwo muyeso umene alangizi a zaulimi ndi a zanyengo amalankhula. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, munthu woona nambala 1 nkuganiza kuti ndi milimita angagone pa tsiku loyenera kubzala.

Funso lomaliza ndi la mtundu wa zoyezera. Pa mndandandawo pali dzina lakuti Simulator, limene limapeka manambala ongoyeserera. Nlothandiza poona ngati zonse zikuyenda zoyezera zisanafike, koma tsiku lolumikiza zenizeni mufufute kaundula woyesererayo, kuopa kusakaniza mvula yopeka ndi yeniyeni.

Pali zina zimene sidzakufunsani, muyenera kukazikonza nokha m'fayilo yotchedwa weewx.conf. Chachikulu ndi mzere wakuti rain_year_start, wonena mwezi umene chaka cha mvula chimayambira. Umabwera uli pa 1, ndiye kuti Januwale. Kwathu kuno dzinja limayamba cha m'Novembala nkutha cha m'Epulo, kotero mukausiya choncho, pa 1 Januwale, chimanga chili m'mawondo, chiwerengero cha chaka chidzabwerera pa ziro, dzinja limodzi nkudulidwa pakati. Ine ndidaikapo 10, kuti Okutobala ndi chizimalupsa chake alowe m'gulu limodzi ndi mvula yotsatira.

Za mphepo ndidaphunzira mochititsa manyazi. Zoyezera zambiri zili ndi kagalasi ka sola kamene adakakonza kuti kayang'ane kumwera, popeza ku Ulaya ndi ku America dzuwa limadzera mbali imeneyo. Kuno, pa miyezi yambiri ya chaka, limadzera kumpoto, ndiye ndidatembenuza chida chonse kuti galasi lipenye kumpoto, monga kuyenera. Ndidaiwala kuti muvi nawo watembenuka. M'Julayi, chiperoni chili pakhomo, aliyense atafunda, ndidaonetsa mnzanga wina wa ku Mangochi masamba anga monyadira. Iye adaseka nati, "Achimwene, makina anuwa akuti kukuomba mpoto? Tulukani panja mumve mwera." Adanena zoona. Mankhwala ake ndi mzere umodzi m'gawo la StdCalibrate la fayilo yomwe ija, wouza pulogalamu kuti iwonjezere madigiri 180 pa mbali ya mphepo. Mabokosi ena amalola kukonzera pa iwo omwe. Mukonze malo amodzi okha, chifukwa mukakonza konse kuwiri mwabwerera pomwe mudayambira.

Vuto lalikulu koposa ndi nthawi. Raspberry Pi, kupatula mtundu wachisanu umene udatuluka mu 2023, ilibe wotchi yoyenda yokha magetsi akazima. Imafunsa nthawi pa intaneti. Magetsi akathima maola asanu ndi limodzi nkubwera intaneti isanabwere, kakompyuta kamadzuka kakuganiza kuti ikadali nthawi imene kadalemba komaliza, ngati munthu wogona masana amene amadzuka nkupereka moni wa m'mawa. Mvula yogwa pakati pa usiku kamailemba kuti idagwa madzulo a dzulo. Kwa ine zidachitika pa sabata imene ndinkawerengera masiku a ng'amba kuti ndidziwe ngati ndithire feteleza wobereketsa, ndipo masiku atatu a kaundula wanga adasanduka opanda ntchito. Chothandiza ndi kachida kotchipa kotchedwa DS3231, wotchi yokhala ndi batire longa ndalama yachitsulo, imene imalumikizidwa pa timapini ta kakompyutako. Mukaiika muzimitse dongosolo lija loyambira pa nthawi yakale. Amene muli ndi mtundu wachisanu mungogula batire lake, poti wotchi ilimo kale koma batire sabwera nalo.

Kuzimazima kwa magetsi kumaononganso khadi. Akathima pamene kakompyuta kali pakati polemba, khadi likhoza kusokonezeka mpaka osadzukanso. Nchifukwa chake nkwabwino kuti kazidya kuchokera ku batire, batirelo nkumadzazidwa ndi sola kapena magetsi a m'nyumba. Musakapatse chaja chofooka cha lamya. Mtundu wachinayi umafuna maampu 3. Ndipo zaka zanu zonse zili m'fayilo imodzi yokha yotchedwa weewx.sdb. Kamodzi pa sabata imitsani pulogalamu, mukopere fayiloyo pa fulashi, nkuyatsanso. Khadi latsopano mungagule pa msika uliwonse, koma mvula ya chaka chatha palibe akugulitsa. Ine langa loyamba lidafa ndi miyezi inayi ya dzinja m'mimba mwake, ndisanayambe mwambo umenewu.

Za poimika mlongoti ndingonena mwachidule. Choyezera kutentha chikhale pakati pa mita 1.25 ndi mamita 2 kuchokera pansi, pa udzu, kutali ndi denga la malata ndi khitchini. Kambale ka mvula katalikirane ndi mtengo kapena nyumba kawiri kutalika kwa chinthucho, ndipo kakhale kosapendekeka. Malo a boma amayeza mphepo pa mamita 10, tsono musadabwe yanu ikamachepera.

Ndichenjezepo chinthu chimodzi. Mlembi ameneyu amanena zimene zachitika pabwalo panu, salosera za mawa. Namondwe wa Freddy, amene adasakaza Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kumwera m'Malichi 2023, adachokera kutali pa nyanja ya India, kumene mlongoti wa pakhomo sungaone. Chenjezo la zotere limachokera ku nthambi ya boma yoona zanyengo, kudzera pa wailesi yomwe mukumverayi, ndipo likabwera musayambe mwakafunsa kakompyuta.

Pomaliza, mlembiyo muzimuyesa. M'kati mwa kambale ka mvula muli kasupuni kamene kamagubuduka kakadzaza, ndipo kugubuduka kulikonse kumawerengedwa ngati mamilimita 0.2 kapena 0.3, malinga ndi mtundu wake. Kangaude akamangamo ukonde, kapena masamba a mango ndi zitosi za mbalame zikatseka kabowo, makina adzalemba ziro kunja kukugwa mvula ya mkuntho. Imikani pafupi chitini chosabenthuka, chofanana kukamwa ndi kunsi, ndipo m'mawa uliwonse muviikemo rula. Kumbukirani kuti WeeWX imawerenga tsiku kuyambira pakati pa usiku, pamene chitini chimawerenga kuyambira m'mawa mpaka m'mawa, kotero muziyerekeza za sabata yathunthu. Kwathu rula amasunga ndi mayi a kunyumba. Masiku ano sitibzala mpaka chitini ndi kakompyuta zitagwirizana kuti pagwa mamilimita 25 kapena 30 m'masiku awiri atatu, ndipo ngakhale pamenepo iwo amayamba akumba ndi khasu kuti aone pamene chinyontho chalekezera.